Nkhufi za m'Nyumba ya a Jafali

1967: Pa Boma, m'manja mwa a Chirambo

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kokwanira, ndipo amayi anu amati zina ndimathira mchere. Ndiyambire pamene ndinavala gawuni yoyera. Ndinafika pa chipatala cha pa Boma ku Nkhotakota ndi satifiketi yatsopano ya umedikolo asisitenti, sutikesi ya malata, ndi matama okwana anthu atatu. Anandiika pansi pa a Chirambo, mkulu wa kumpoto amene anayamba ntchito ya chipatala ine ndisanabadwe. Anali wamfupi, wosaseka wamba, ndipo dzina langa sanalitchulepo chaka chonse. Ankangoti "mnyamata". Zinkandipsetsa mtima, chifukwa kunja kwa mpanda anthu ankanditcha adokotala ndipo ine ndinali nditayamba kukhulupirira.

Tsiku lina anandiitana kuti ndidzaone magazi a msodzi wina pa maikulosikopu, makina aja oonera tizilombo. Ndinkayembekezera timadontho ta malungo a udzudzu, koma ndinaona tinthu tatitali topotana ngati ulusi wosomoka pa nsalu. A Chirambo anati awa ndi malungo a nkhufi. Nkhufi inu simuidziwa, chifukwa munakulira m'nyumba za simenti. Ndi mbale wake wa nkhupakupa, koma yofewa, yotuwa, ndipo imakhala m'ming'alu ya zipupa zadothi. Imatuluka anthu atagona, kuyamwa magazi pang'ono, n'kubwerera kumng'alu kwake. Anandifotokozera kuti tizilombo timene imasiya m'magazi n'tochenjera. Thupi likatizindikira n'kuyamba kutipha, totsalato timasintha chikopa, thupi n'kuyambanso kutiphunzira ngati alendo. N'chifukwa chake munthu amatentha masiku atatu, n'kupeza bwino sabata yathunthu, kenako n'kugwanso.

Atamubaya msodziyo jakisoni wa penisilini, anandiuza kuti ndikoke mpando ndikhale pambali pake, ndisachoke ngakhale kukadya. Ndinadandaula mumtima. Pasanathe maola awiri munthu uja anayamba kunjenjemera mpaka bedi kulira, ndipo ine ndinathamanga kukanena kuti mankhwala amuipira. A Chirambo anabwera mosafulumira, namugoneka chagada, nakweza miyendo ya bedi ya kumapazi ndi njerwa. Ali m'kati mochita zimenezo anandiuza kuti kutentha ndi kuphwanya kumene wodwala amamva si ntchito ya tizilombo tokha ayi, ndi thupi lenilenilo likumenya nkhondo. Anati m'thupi muli oyatsa moto, mulinso ozimitsa, ndipo masiku onse amagwirira limodzi kuti moto uotche mdani osaotcha mwini nyumba. Koma penisilini akaphwanya tizilombo tochuluka nthawi imodzi, zidutswa zake zimadzaza magazi, oyatsa onse amadzuka pamodzi, ozimitsa n'kuchedwa.

"Ntchito yako, mnyamata, si kuzimitsa motowo. Ulibe mankhwala ake. Ntchito yako n'kumusunga munthuyu wamoyo mpaka ozimitsa afike. Asaime, asakhale tsonga, ndipo madzi asathe m'thupi."

Msodziyo anachira. Ine phunzirolo ndinalimvera khutu limodzi, chifukwa matendawa anali atayamba kusowa ndipo zaka zitatu zimene ndinakhala pa Boma sindinawaonenso.

1970: Ndekha m'mphepete mwa nyanja

Ananditumiza kukayang'anira kachipatala kena kumpoto, njira ya ku Ngala. Dzina lake ndisalitchule, pakuti anthu a nkhaniyi adzukulu awo akadalipo. Kanali ka zipinda zitatu: choyezera odwala, chochilira amayi, ndi chogona anthu anayi. Ogwira ntchito tinalipo awiri, ine ndi mzamba, Mayi Nabanda, mayi wamkulu wa pakamwa posabisa amene anaona ambiri onga ine akubwera n'kupita. Mankhwala ankabwera galimoto ikafuna, ndipo dzinja likafika siinkafuna kawirikawiri. Singano tinkaziwiritsa m'sefuliya n'kumazinola pa mwala zikabuntha. Tinalinso ndi maikulosikopu yakale ya kalilole, yosaona kanthu popanda dzuwa, ndi kabotolo kamodzi ka mankhwala odetsera magazi kamene ndinkakasunga ngati diso langa.

Sabata yoyamba Mayi Nabanda anandiuza chimene chinachotsa mnzanga amene ndinamulowa m'malo. Tsiku la msonkhano wa chipani anakana kutseka chipatala chifukwa anali ndi wodwala pa bedi. Wina anakanena kuti wanyoza, ndipo m'mawa wina kunabwera galimoto kudzamutenga. Mkazi wake anatsala akumanga katundu yekha. Masiku amenewo nkhani yotere sitinkaifunsa kawiri. Ndinangophunzira kupereka moni msanga kwa mnyamata aliyense wa chipani wovala malaya ofiira, ndi kuyang'ana kumbuyo ndisanaseke.

Tcheyamani wa chipani m'deralo anali a Jafali, wamalonda a nsomba zouma, mwini wake wa lole yokhayo ya m'mudzimo. Sindinganene kuti anali munthu woipa mtima. Lachisanu ankavala kanzu yoyera kupita kumzikiti, ndipo pa maliro ankakhala woyamba kufika. Koma mawu awo ankafika kutali, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Akabwera ku chipatala sankaima pa mzere, ndipo ine ndinkadzuka pa mpando ndisanaganize n'komwe. Ndinali nditangokwatira amayi anu, mkulu wanu ali wakhanda kumsana. Ndinkaopa, ndipo sindichita manyazi kunena kuti mantha amenewo ndinkagona nawo n'kudzuka nawo.

1972: Dzinja la Asiyatu

A Jafali anali ndi mwana wamkazi mmodzi yekha, Asiyatu, amene anakwatiwa ndi kalaliki wina ku Limbe n'kukhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi osaona mwana. Mimba itabwera n'kufika miyezi isanu ndi iwiri, anabwera kudzachilira kwa amayi ake monga umo amachitira ndi mwana woyamba. Nyumba yamalata ya a Jafali inali yodzaza ndi matumba a nsomba ndi alendo a chipani, choncho amayi ake anamukonzera m'nyumba yakale yadothi ya kuseri, mmene iye anabadwira, kuti azipuma kopanda phokoso.

Anabwera ku chipatala koyamba thupi litatentha, mutu ukuwawa, mafupa akuphwanya. Linali dzinja, udzudzu uli ponseponse, ndipo m'mawa umenewo ndinali nditaona kale anthu ambiri odandaula zomwezo. Sindinayeze magazi, poopa kutha kabotolo kanga kaja. Ndinamupatsa kolokwini, mankhwala a malungo amene tinkadalira nthawi imeneyo. Patapita masiku atatu anadzuka bwinobwino, a Jafali nandiyamika pa gulu, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Itatha sabata anabweranso, atatentha kuposa poyamba. Ulendo uno anabwera ndi amayi ake, mayi woonda wolankhula motsitsa, amene tonse tinkangowatcha amake Asiyatu. Ndikulemba pa khadi, iwo anagwada pafupi ndi tebulo.

"Adokotala, pepani ndilankhuleko. Awa si malungo a udzudzu. Awa ndi a nkhufi."

Ndinawafunsa kuti anaphunzira kuti za chipatala. Sanakhumudwe. Anandifotokozera kuti kale makolo awo akamapita ulendo wautali wa malonda ankatenga nkhufi ya kwawo m'kabokosi ka fodya, n'kumailola kuti iwalume pa mkono kamodzikamodzi, kuti thupi lisaiwale. Wokulira m'nyumba ya nkhufi sadwala nazo kwambiri, anatero, koma akachoka zaka zambiri thupi limaiwala, ndipo akabwerera zimamulandira ngati mlendo. Anati Asiyatu akupita ku ukwati iwo anamupatsa kabokosi kotero, koma mwamuna wake atakaona anakaponya pa moto, nati iye sakwatira za kumudzi. Ndipo iwo anali ataiwala zonsezi mpaka mwana wawo atagwa kachiwiri.

Ndinaseka. Inde, ndinaseka, pamaso pa anthu a pa mzere. Ndinati nkhufi zinatha kalekale, ndipo vuto n'lakuti mtsikanayu sanamalize mapiritsi chifukwa ndi owawa. Asiyatu ananena chapansipansi kuti anamwa onse. Sindinamumvere. Ndinamubaya kolokwini wa jakisoni, ndipo patapita masiku atatu malungo anachokanso, monga akanachokera ngakhale ndikanamupatsa madzi a m'chitsime. Mwambo wa kabokosi uja sindiuyamikira ngakhale lero, chifukwa nkhufi yomweyo ikhoza kukupha. Koma pa za matenda a mwana wawo mayi aja ananena zoona, ndipo ine ndinali ndi zonse zondiyenereza kuzindikira.

Kachitatu anabwera naye pa machira, m'mawa dzuwa litangokwera. Maso anali achikasu, magazi akutuluka m'mphuno, ndipo sankatha kuyankha bwino. Mayi Nabanda anamvetsera pamimba nati mwana akadali moyo. Kenako anandikokera pambali.

"Inu, tangoyang'anani magaziwo. Kabotolo kanuko mukusungira maliro a yani?"

Ndinamubaya pa chala, kupaka magazi pa kagalasi, kudetsa, n'kutulutsa makina pa khonde kuti kalilole agwire dzuwa lisanabisike ndi mitambo. Sindinafufuze n'komwe. Tinali tambirimbiri, topotana, todzaza paliponse pamene diso langa linagwa. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'anabe m'makinamo ngati pali china choti ndione, chonsecho ndinkangoopa kudzutsa mutu.

Mvula inali itakokolola mlatho wa pa msewu wa ku Boma masiku anayi apitawo, ndipo pa nyanja pankawomba mphepo yoti bwato silikanayenda ndi wodwala. Komabe lole ya a Jafali ikanatha kufika pa mtsinjepo, anthu n'kumuwolotsa pa machira, n'kukadikira galimoto ina kutsidya. Ulendo wa tsiku lonse. Ndinkadziwa kuti Asiyatu sakanafika. Koma ndinkadziwanso kuti akafera pa njira, afera m'manja mwa mvula ndi mlatho, ndipo palibe angatchule dzina langa. Ndikamubaya penisilini pano, tizilombo tochuluka chonchi tikaphwanyika nthawi imodzi, thupi lake likanayatsa moto woposa wa msodzi uja, ali ndi pakati, ali wofooka kale. Akafa, afa patangopita maola awiri chimubayireni ine, bambo wake akuona. Ndinatenga pepala lotumizira wodwala ku Boma, ndinalemba dzina lake, ndinalemba tsiku. Ndikufuna mudziwe kuti bambo wanu anafika mpaka pamenepo.

Chimene chinandiletsa si kulimba mtima. Ndinangolephera kulemba mzere wofotokoza chifukwa chomutumizira, popeza mankhwala ake anali pa shelefu kumbuyo kwanga, ndipo a Chirambo, amene akanalandira pepalalo akanakhala kuti wafika, akanadziwa pompo chimene ndachita. Ndinaling'amba n'kutuluka kukakumana ndi a Jafali pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza kuti ndapeza matenda enieni, kuti mankhwala ndili nawo, koma kuti asanachire adzayamba waipiraipira kwa maola angapo, ndipo zidzaoneka ngati jakisoniyo ndiye akumupha. Iwo anafunsa funso limodzi lokha.

"Mwana wanga akhala moyo?"

"Sindikudziwa, bambo. Koma ndikapanda kumubaya, sakhala."

"Bayani. Koma mudziwe kuti ndili pompano."

Ndinachepetsa mlingo wa penisilini kuti tizilombo tisafe tonse pamodzi. Tinali ndi botolo limodzi lokha la diripi, limene Mayi Nabanda ankasungira mayi wotaya magazi pochira. Analitulutsa okha osandifunsa. Tinawiritsanso madzi a mchere ndi shuga, tinaika njerwa pafupi ndi bedi, ndipo ndinabweza odwala ena onse kupatula mwana mmodzi wopsa ndi moto. Kenako ndinakoka mpando.

Zinayamba ola limodzi ndi theka litadutsa. Poyamba mano anagwedezeka, kenako thupi lonse, mpaka amake anagona pa miyendo yake kuti asagwe pa bedi. Ankapuma mothamanga ngati wathamangitsidwa, milomo itada, akulira kuti akuzizidwa chonsecho khungu likuotcha dzanja. Ndinali nditachenjeza, inde, koma kumva n'kwina, kuona mwana wako akutero n'kwinanso. A Jafali analowa osagogoda, kumbuyo kwawo kuli anyamata awiri a chipani. Anafuna kuti ndimubaye jakisoni wina wochotsa woyambayo. Ndinati jakisoni wotero kulibe. Anati ndiye ndimupatse chilichonse. Ndinati chilichonse chikhoza kumumaliza. Ananditchula dzina langa lenileni, lopanda udokotala.

Kunjenjemera kutasiya kunabwera chimene ndinkachiopa kwambiri. Thukuta linatuluka mpaka nsalu yonse kunyowa, thupi linazizira, ndipo Asiyatu anangoti zii. Kwa munthu wosadziwa, zinkaoneka ngati akutsirizika, ndipo kunena zoona sanali patali. Mtsempha wa pa mkono unkamveka ngati kaulusi, kenako n'kumasowa. Tinakweza bedi ndi njerwa zija, ndinafufuza mtsempha wolowetsera diripi katatu konse, kachinayi n'kuupeza. Amayi amene anali panja anayamba kulira chapansipansi, ndipo shehe wa kumzikiti anali atafika kale pa khonde akuchita duwa, kumupempherera. Apa a Jafali analamula anyamata aja kuti abweretse lole pakhomo, amunyamule apite naye ku Boma.

Ndinaima pa chitseko. Sindinakonzekere, ndinangozindikira ndili pamenepo, manja nditatambasula kugwira mafelemu onse awiri.

"Choka apo," anatero a Jafali. Aka kanali koyamba kundilankhula ngati mwana.

"Bambo, mukamudzutsa pa bedipo, magazi safika kumutu. Afera m'manja mwa anyamatawa asanafike pa lole."

"Wamubaya poizoni, tsopano ukumutsekera m'nyumba. Ukudziwa kumene anapita mnzako uja?"

"Ndikudziwa. Mundipatse mpaka dzuwa lipendeke. Akafa, simuvutika kundifuna, ndili pompano."

Mmodzi wa anyamatawo anali atandigwira kale pa kolala. Amene anathetsa nkhaniyo ndi amake Asiyatu. Sanadzuke pamene anakhala, pambali pa mwana wawo, ndipo sanakweze mawu. Anangoti, "Bambo ake, musiyeni agone. Anthu a nkhufi sanyamulidwa akamatuluka thukuta. Amayi anga ankatero." A Jafali anayang'ana akazi awo, anayang'ana ine, natuluka. Anyamata aja anawaika pakhomo, wina kutsogolo wina kuseri, kuti ndisathawe.

Maola amene anatsatira sindidzawaiwala. Panalibe china chochita koma kudikira. Ndinatsitsa diripi kuti izidontha pang'onopang'ono, chifukwa ikatha panalibe ina. Mayi Nabanda ankamudonthezera madzi a shuga pa milomo ndi supuni. Ine zala zanga zinali pa mkono wake, maso pa botolo, makutu ku msewu. Ndinkaona nyumba yathu pa windo, amayi anu akuyanika matewera osadziwa kanthu, ndipo ndinkadzifunsa kuti adzapita kwa yani. Ndinapemphera mosalongosoka. Ndinalankhula ndi thupi la mtsikanayo mumtima ngati wamisala, kulipempha kuti lileke, kuti adani afa kale, kuti amene akupsa tsopano ndi mwini wake.

Anthu akubwera kuchokera ku swala ya masana, mapemphero a kumzikiti, mtsempha unayamba kumveka bwinoko. Sindinauze aliyense, poopa kuti zala zanga zikundinamiza. Botolo linatha dzuwa litapendeka, ndipo patapita kanthawi Asiyatu anatsegula maso napempha madzi. Anamwa yekha theka la kapu. Mayi Nabanda anatuluka kukauza a Jafali, ndipo ine ndinapita kuseri kwa chipatala n'kukasanza, mnyamata wa malaya ofiira uja akundiyang'ana. M'mawa mwake ndinayezanso magazi, ndipo ndinafufuza kagalasi konse osapeza kanthu.

Koma mimba inali itapirira malungo katatu. Patapita masiku awiri matenda a uchembere anamuyamba, masiku asanakwane. Anabadwa mwana wamwamuna, wamng'ono woti n'kukwana m'manja awiri. Analira kamodzi. Mayi Nabanda anamufunditsa thonje n'kumuika pachifuwa pa amake, koma sanafike masana. Popeza anali atalira, anamupatsa dzina, ndipo abambo akumzikiti anakamuika monga aikira munthu wamkulu. Ndinapita nawo. Palibe amene anandiyang'ana moipa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kundinyoza.

Itatha sabata a Jafali anatuma uthenga kuti ndipite kunyumba kwawo. Ndinatsanzika amayi anu ngati wopita kutali, n'kuwauza kumene ndinaika makalata a ukwati ndi a ntchito. Ndinapeza a Jafali atakhala pa khonde, akazi awo ali pa mphasa chapatali pang'ono akusankha mpunga. Anandipatsa mpando. Anati Asiyatu wayamba kuyenda m'bwalo, ndipo iwo akuthokoza Mulungu. Anati anandilankhula moipa tsiku lija, ndiwakhululukire. Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anafunsa, mosakalipa, ngati munthu wofuna kungomvetsa.

"Adokotala, ndiuzeni chinthu chimodzi. Jakisoni ameneyu mukanamubaya tsiku loyamba lija, kapena lachiwiri, mdzukulu wanga akanakhala?"

Yankho ndinkalidziwa. Palibe angalumbire pa za moyo, koma tizilombo tikanakhala tochepa, thupi silikanapsa chotero, ndipo mimbayo mwina ikanafika masiku ake. Ndinaganiza za galimoto yobwera m'mawa. Ndinaganiza za mkulu wanu, amene anali atangoyamba kuyenda. Pa chitseko paja ndinalimba mtima chifukwa panalibe nthawi yoganiza, koma apa nthawi inalipo.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Matendawa saoneka m'magazi mpaka kachitatu. Nkhufi itangomuluma, za mwanayo zinali zitatha kale."

A Jafali anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatembenukira kwa akazi awo nati, "Wamva? Ndi nyumba yako ija. Ndiwe unamugoneka mmenemuja." Manja a mayi aja anaima m'lichero. Anadzutsa maso n'kundiyang'ana ine, osati amuna awo. Anali ndi mboni, mzere wonse wa anthu amene anandimva ndikuseka, ndipo mawu awo awiri okha akanakwana kundikweza galimoto. Anayang'ananso m'lichero n'kupitiriza kusankha mpunga.

Nyumba yadothi ija anaigwetsa n'kuiotcha sabata yomweyo. A Jafali ananditumizira chambo zinayi zazikulu, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula pa misonkhano kuti ndine dokotala amene anapulumutsa mwana wawo. Palibe wa malaya ofiira anandivutitsanso. Asiyatu anabwerera ku Limbe, ndipo ndinamva kuti pambuyo pake anabereka ana ena. Koma m'mudzimo nkhani inakhazikika yoti amake Asiyatu anapha mdzukulu wawo ndi nyumba yawo yakale, ndipo amuna awo ankawakumbutsa nthawi iliyonse akayambana, ngakhale pa anthu. Mayi Nabanda sanandifunsepo kanthu. Anangosiya kundiseka, ndipo mpaka pamene ndinachoka ankandilankhula za ntchito zokhazokha.

Ndinakhala pa kachipatalako zaka zina zinayi. Njira ya amake Asiyatu yopita kumunda kwawo kwa mpunga inkadutsa kutsogolo kwa khonde lathu, ndipo m'mawa uliwonse ankaima, kupinda bondo pang'ono, n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji, ana adzuka bwanji. Ine ndinkayankha kuti tadzuka bwino, kaya iwo. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndiwaimitsa ndiwapepese. Anamwalira ine nditasamutsidwira kale kwina, ndipo uthenga unandipeza atawaika.